Kuchoka pa Facebook kulowa m'chipani: khomo liti likufikitseni pomwe pali mphamvu?

Aliyense amene wakhala akulemba za ndale pa Facebook kwa zaka ziwiri kapena zitatu, n'kuyamba kuona zolemba zake zikugawidwa m'magulu a WhatsApp mpaka kufika kwa anthu amene sanakumanepo nawo, amafika tsiku lina podzifunsa ngati si nthawi yoti alowe m'chipani. Kudzudzula tsiku ndi tsiku kumatopetsa, ndipo munthu amayamba kulakalaka kukhala nawo m'chipinda momwe mfundo zimamangidwa. Nthawi zina chipanicho ndicho chimayamba: wina wa m'komiti yaikulu amaimba foni, n'kunena kuti akuluakulu akhala akuwerenga zolemba zanu ndipo akufuna mukumane. Makomo olowera alipo angapo, koma sakafika kuchipinda chimodzi, ndipo khomo limene limatseguka msanga ndi limene lili kutali kwambiri ndi pomwe zinthu zimagamulidwa.

Tisanayerekeze makomowa, m'pofunika kumvetsa kuti mphamvu za chipani cha ku Malawi zimakhala kuti. Zipani zikuluzikulu monga MCP, DPP ndi UDF zinamangidwa ngati makwerero: pansi pali makomiti a m'midzi ndi m'makwalala amene anthu amangowatchula kuti maeriya, pamwamba pake pali komiti ya dera la phungu, kenako ya boma, ya chigawo, ndipo pamapeto pake komiti yaikulu ya dziko lonse. Anthu amene amasankha woimira chipani pa chisankho chachipulula amachokera m'makomiti apansiwa, ndipo amene amasankha mtsogoleri pa msonkhano waukulu ndi nthumwi zochokera m'makwerero omwewa. Munthu amene ali ndi omutsatira zikwizikwi pa tsamba lake, koma dzina lake silili m'kaundula wa komiti ina iliyonse, alibe voti m'chipanimo, pamene mayi wogulitsa zitumbuwa amene ndi msungichuma wa eriya ali nayo. Onjezeraninso kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, komwe wailesi, msonkhano wa amfumu ndi ulaliki wa pamaliro zimafika msanga kuposa bandulo.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga pa bwalo la sukulu ina yapulaimale, tsiku la chisankho chachipulula cha chipani china. Opikisana anaimikidwa kutsogolo atafulatira anthu, ndipo nthumwi zinauzidwa kuti aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna. Mmodzi mwa opikisanawo anali mnyamata wophunzira, wodziwika pa Facebook, amene sabata yonseyo omutsatira anali kumulonjeza kuti mpando ndi wake kale. Woyendetsa chisankho atayamba kuwerenga, akugwira phewa la munthu aliyense, mzere wa mnyamatayo unatha asanafike n'komwe pa mtengo wa mango umene unali pafupi, pamene mzere wa bambo wina wachikulire, amene foni yake inali ya mabatani, unakhota mpaka kuseri kwa kalasi. Mnyamatayo atatembenuka anayang'ana foni yake kaye asanayang'ane anthu. Amene ankamuyamikira usiku wonse anali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa iwo amene anali nthumwi.

Gulu lofalitsa nkhani za chipani

Ili ndi khomo limene ambiri amalowera, chifukwa chipani chimachita kukuitanani ndipo ntchito yake ndi yomwe mumaidziwa kale: kulemba, kujambula, kuulutsa msonkhano pa Facebook nthawi yomwe ukuchitika, ndi kuyankha a chipani china akayamba chipongwe. Phindu lake limaoneka msanga. Mumagulidwa bandulo, mumalandira kangachepe mukayenda ndi mtsogoleri, mumakwera nawo galimoto za pamdipiti, ndipo m'miyezi yochepa mumadziwana ndi anthu amene ena amatha zaka akuyesa kuwaona. Chipanicho chikapambana, ena mwa a gululi amapezadi ntchito m'maofesi ofalitsa nkhani kapena m'mabungwe a boma, ndipo sindinganame kuti zimenezi n'zopanda pake kwa wachinyamata amene wakhala zaka zambiri ndi digiri m'chikwama.

Vuto lake ndi lakuti gululi nthawi zambiri silikhala la chipani, limakhala la munthu. Amene amakugulirani bandulo ndiye bwana wanu, ndipo zipani za kuno zikagawanika, ogwira ntchito a mbali yogonja amatsala padzuwa. DPP itagonja mu 2020 inakhala zaka zingapo ikukokanakokana za utsogoleri, mpaka a Kondwani Nankhumwa anachotsedwa kumayambiriro a 2024 n'kukayambitsa chipani chawo cha PDP. UTM nayo inagawanika a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024: msonkhano waukulu unasankha a Dalitso Kabambe, pamene a Michael Usi analowera kwawo ndi gulu lawo la Odya Zake Alibe Mlandu. Pa mikangano yotereyi, wolemba amene dzulo ankayamikira mkulu wina amakakamizika kusankha pakati pa kumunyoza lero ndi kutsala wopanda chochita, ndipo zolemba zake zakale zimakhala zilipo, adani ake anazijambula kale n'kuzisunga.

Chinthu chachiwiri chimene mumataya ndi chomwe chinakupangitsani kuti muitanidwe. Anthu ankakuwerengani chifukwa munkanena zoona mafuta akasowa, feteleza akachedwa kapena mankhwala akatha m'zipatala, posatengera kuti akulamula ndani. Tsiku limene mudzayambe kufotokoza kuti mizere ya pamalo omwetsera mafuta si vuto la boma, kapena kuti chilichonse chimene boma lachita n'choipa, omwewo adzakutchulani kuti kadeti, ndipo dzinali likakumatani silichoka msanga. Mbiri ya dziko lino ili ndi mndandanda wa achinyamata amene zipani zinawagwiritsa ntchito popanda kuwapatsa mawu: apayoniya a nthawi ya a Kamuzu Banda, amene asilikali anawalanda zida mu December 1993, a Young Democrats a nthawi ya UDF, ndi makadeti a zaka zaposachedwapa. Wa m'gulu lofalitsa nkhani sagwira chikwanje, komabe malo ake m'chipani ndi ofanana ndi a anzakewo, chifukwa amatumidwa ndipo safunsidwa maganizo.

Palinso nkhani ya malamulo. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti lili ndi ndime zimene apolisi akhala akuzigwiritsa ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ndipo zimenezi zachitika pansi pa maboma a zipani zosiyanasiyana. Mu 2025 bwalo lalikulu linagamula, pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, kuti ndime ya malamulo imene inkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, koma chigamulochi sichikuletsa munthu kukusumirani kuti mumulipire. Chibaluwa chimene wamkulu wina wakutumizirani usiku kuti muchiponye pa tsamba lanu chimatuluka ndi dzina lanu, ndipo apolisi akabwera amagogoda pakhomo panu.

Kuyambira pa eriya

Njira iyi ndi yochedwa, yosasangalatsa, ndipo palibe amene adzakujambuleni mukuiyenda. Mumapita kwanu, kapena kudera la m'tauni komwe munalembetsa kuti muzivota, n'kukadzionetsa kwa wapampando wa eriya, ndipo mumayamba kufika pa misonkhano imene imayamba mochedwa ndi maola awiri, n'kuthera pa kukangana za amene anasowetsa nsalu za chipani. Mumafika pamaliro ndi kugona pasiwa, mumathandiza kunyamula mipando, ndipo pakapita nthawi, maudindo akamasankhidwanso, mumapezeka kuti ndinu mlembi kapena woyang'anira achinyamata. Udindowu ndi waung'ono, koma uli m'malamulo oyendetsera chipani, ndipo ndi umene umakuikani pa mzere wa nthumwi.

Chimene chimandichititsa kuikonda njirayi n'chakuti luso la munthu wa pa intaneti limakhala losowa kwambiri kumeneko kuposa kulikulu la chipani. Kulikulu kuli anyamata ambiri odziwa kulemba, ndipo mmodzi akatopa amapezeka wina tsiku lomwelo. Kudera, munthu amene angathe kulemba kaundula wa mamembala pa kompyuta, kusonkhanitsa apampando a maeriya onse m'gulu limodzi la WhatsApp, kutumiza ndalama za mayendedwe pa Airtel Money kapena Mpamba n'kusunga umboni wake, ndiponso kuphunzitsa mamonita kujambula chikalata cha zotsatira chisanachoke pamalo ovotera, amakhala mmodzi yekha, ndipo shado aliyense, wofuna kudzaimira chipani pa uphungu, amayamba kumufunafuna. Mlandu wa chisankho cha 21 May 2019 unatiphunzitsa kulemera kwa ntchito yotereyi: chigamulo cha pa 3 February 2020, chimene chinafafaniza zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko, chinatsamira kwambiri pa zikalata za zotsatira zofufutidwa ndi tipeksi komanso zina zosasainidwa bwino, ndipo mboni ina imene anthu amaikumbukira, a Daud Suleman, inali katswiri wa makompyuta amene anafotokozera oweruza momwe makina a bungwe loyendetsa zisankho la MEC ankagwirira ntchito. Iwowa pambuyo pake anadzakhala mkulu wa bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni, intaneti ndi wailesi.

Zovuta zake nazo si zazing'ono. Akuluakulu a pa eriya amene akhala m'chipani kuyambira kale amakuyang'anani ngati mlendo wodzalanda malo, ndipo mukafulumira kuwaphunzitsa zinthu adzakuyamikirani pamaso n'kukuchotsani pa mndandanda mukangotembenuka. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo chaka choyamba chimafuna makutu kuposa pakamwa. Anthu akadziwa kuti mumachokera m'tauni amayembekezera kuti muzisiya ya sopo nthawi iliyonse mukabwera, ndipo ngati simunena poyera kuyambira pachiyambi kuti mulibe, mudzatha ngati kandulo. Choopsa kwambiri n'chakuti maeriya enieniwo amatha kusinthidwa: chisankho chachipulula chikayandikira kumabadwa makomiti atsopano amene palibe anawaonapo, ndipo madandaulo a mtundu umenewu amamveka pafupifupi m'zipani zonse chaka chilichonse cha chisankho. Komabe amene ali ndi kaundula wolembedwa bwino, wokhala ndi masiku ndi masaini, ndi amene amatha kutsutsa chinyengo choterechi, ndipo apanso munthu wozolowera kusunga umboni pa foni amakhala patsogolo.

Kupikisana nthawi yomweyo

Ena safuna kudikira, amafuna kulowa ndi kuima pa chisankho chachipulula chaka chomwecho. Malamulo sakuletsa: munthu wa zaka 21 akhoza kukhala phungu, bola akhale wolembetsa m'kaundula wa voti ndipo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali m'Nyumba ya Malamulo, ndipo MEC imatsitsako ndalama zolembetsera kwa achinyamata, amayi ndi anthu aulumali. Wogwira ntchito m'boma ayenera kuyamba wasiya ntchitoyo, chinthu chimene aphunzitsi ndi anamwino ambiri olemba pa intaneti amachiiwala. Koma chotchinga chenicheni ndi thumba. Kafukufuku amene a Michael Wahman anachita pa chisankho cha 2019 anapeza kuti wopikisana pa mpando wa phungu ankawononga ndalama pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo opambana ankafika cha m'ma K27 miliyoni, pa nthawi imene kwacha inali isanagwe monga inagwera mu 2022 ndi 2023. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa anthu, koma aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa shado akudziwa kuti anthu sabalalika msanga msonkhano ukatha, amakhala akudikira kanthu.

Ngati mtima wanu uli pa kupikisana, ukhansala ndi woyenera kuuganizira kuposa uphungu. Pa chisankho cha 16 September 2025 panali madera a aphungu 229 ndi mawodi 509, kutanthauza kuti wodi ndi dera laling'ono limene munthu angalizungulire pa njinga yamoto, ndipo m'mizinda monga Mzuzu, Zomba, Lilongwe ndi Blantyre ndi momwe omutsatira a pa intaneti angakhaledi anthu ovota m'wodi imodzimodziyo. Nkhani zimene khansala amalimbana nazo, monga zinyalala, misika, ngalande ndi misewu ya m'makwalala, ndi zomwezo zimene anthu amazijambula n'kuziponya pa Facebook tsiku lililonse. Ambiri amaunyoza mpandowu chifukwa ulibe galimoto ndi ulemu wa phungu, koma ndi mpando wosankhidwa ndi anthu, ndipo m'chipani munthu wopambana chisankho amalankhula ndi mawu ena.

Maudindo a m'komiti yaikulu, monga mkulu wa achinyamata kapena wofalitsa nkhani, amaoneka ngati anapangidwira anthu a pa intaneti, koma amasankhidwa pa msonkhano waukulu, monga misonkhano ija ya MCP ku Lilongwe ndi DPP ku Blantyre mu August 2024, ndipo ovota ndi nthumwi zomwe zija. Amene sanayendepo m'maboma kukakumana nazo akhoza kulipira ndalama yolembetsera, kusindikiza zithunzi zokongola, n'kubwerako ndi mavoti owerengeka pa zala.

Kubwera ngati gulu

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene wabwera yekha kudzapempha malo ndi gulu limene labwera kudzakambirana. Chitsanzo chodziwika ndi cha a Timothy Mtambo, amene anatsogolera zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC pambuyo pa chisankho cha 2019, kenako mu 2020 n'kuchoka m'bungwelo kukayambitsa gulu la Citizens for Transformation, limene linathandiza mgwirizano wa Tonse pa chisankho chachibwereza cha 23 June 2020. Mgwirizanowo utapambana, a Mtambo anasankhidwa kukhala nduna yoona za kuphunzitsa anthu ndi umodzi wa dziko. Palibe njira ina mwa zonsezi imene inafikitsa munthu pamwamba mofulumira chotero, ndipo chigamulo chakuti mtsogoleri wa dziko azipambana ndi mavoti opitirira theka chinakweza mtengo wa gulu lililonse limene lingabweretse mavoti ngakhale ochepa.

Koma tiyenera kuona bwino chimene chinagulitsidwa pamenepo. Mphamvu za a Mtambo zinali anthu amene ankadzaza misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre kwa miyezi yambiri, ndipo mafoni ankangothandiza kuwaitana. Gulu la WhatsApp la anthu mazana awiri amene sanakumanepo pamaso silingakhale pa tebulo lomwelo, ndipo mlembi wamkulu wa chipani aliyense amadziwa kufunsa funso limodzi lokha: mukaitanitsa msonkhano Loweruka, kubwera anthu angati? Tiyeneranso kuona mathero ake. A Mtambo anachotsedwa pa unduna mu 2023 ndipo pambuyo pake analowa AFORD, zimene zikusonyeza kuti mpando wopatsidwa ndi mtsogoleri umachoka ndi cholembera cha mtsogoleri yemweyo, ndipo amene alibe makomiti ake m'chipani cholamula alibe womulirira tsiku limenelo. Gulu limene mtsogoleri wake walowa m'boma limavutikanso kudzudzula, ndipo anthu amene ankaguba nalo amayamba kunena kuti ankangogwiritsidwa ntchito.

Ngati mwasankha njira imeneyi, pemphani zinthu zimene zingatsale ngakhale mtsogoleri wanu atachotsedwa. Mpando umodzi wa munthu mmodzi ndi mtengo wotsika. Chokhalitsa ndi malo a mamembala anu m'makomiti a madera, mfundo zanu ziwiri kapena zitatu zolembedwa m'manifesito, ndi pangano losainidwa limene mungalionetse poyera. Mikangano imene inadzabuka pakati pa MCP ndi UTM pa zimene anagwirizana mu 2020, pomwe a Chilima anadzanena poyera mu 2022 kuti panali pangano lokhudza woimira mgwirizano mu 2025, iyenera kuchenjeza aliyense: ngati pangano la pakati pa mtsogoleri wa dziko ndi wachiwiri wake linatha kukanidwa, la gulu la achinyamata lopangidwa pakamwa m'chipinda cha hotela silingalimbe n'komwe.

Kuima panokha kapena kuyambitsa chipani

Kuyambitsa chipani ndi njira imene ndingaitchule mwachidule, chifukwa kwa anthu ambiri ndi maloto. Lamulo la 2018 limafuna mamembala osachepera 100 m'boma lililonse kuti chipani chilembetsedwe, ndipo ngakhale mutawapeza, mbiri ya UTM ikuonetsa kukula kwa phirilo. Chipanichi chinakhazikitsidwa mu July 2018 ndi a Chilima, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, chinali ndi ndalama, chinkadzaza mabwalo, ndipo pa intaneti panalibe chipani chochiposa phokoso. Pa chisankho cha 2019 a Chilima anapeza mavoti opitirira pang'ono miliyoni imodzi, koma chipanicho chinangopeza aphungu anayi mwa 193.

Kuima pawekha n'kosiyana, chifukwa kuno kuli ndi mbiri yopambana: aphungu oima paokha anali 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019, ndipo zipani zimawathamangira akangopambana. Koma ambiri mwa iwo anali anthu a m'zipani amene anadandaula kuti anaberedwa pa chisankho chachipulula, n'kuchoka ndi theka la makomiti a deralo, choncho chiwerengerochi chikutsimikizira mphamvu za maeriya m'malo mozitsutsa. Anzathu a ku Zimbabwe anayesa njirayi kuchokera pa intaneti penipeni. M'busa Evan Mawarire, amene kanema wake wa mu April 2016 atakolekera mbendera m'khosi anayambitsa #ThisFlag n'kugwedeza boma la a Robert Mugabe, anaima pa ukhansala mumzinda wa Harare mu 2018 ndipo anagonja. A Fadzayi Mahere, loya wotchuka pa Twitter, anaima paokha ku Mount Pleasant chaka chomwecho n'kugonjanso. Atalowa chipani chotsutsa n'kukhala mneneri wake, anapambana mpando womwewo mu 2023. Munthu anali yemweyo ndipo dera linali lomwelo, chinasintha ndi chakuti ulendo wachiwiri anali ndi chipani kumbuyo kwake. Ku Kenya, a Boniface Mwangi anasonkhanitsa ndalama za kampeni kuchokera kwa anthu wamba kudzera pa foni, koma mpando wa Starehe mu 2017 sanaupeze.

Nanga amene ali kunja?

Gawo lalikulu la mawu amphamvu pa nkhani za ndale za Malawi limachokera ku South Africa, ku Britain, ku Ireland ndi ku America, komwe intaneti ndi yotsika mtengo ndipo apolisi a kuno sangafike. Zipani zili ndi nthambi za kunja, ndipo zimalandiridwa bwino chifukwa zimasonkha ndalama. Kwa munthu wotere njira ya eriya ndi yotsekeka mpaka atabwerera, popeza ngakhale kuvota kumafuna kuti munthu akhale m'dziko muno pamalo pomwe analembetsa. Chimene angachite bwino ndi kusankha dera limodzi, makamaka la kwawo, n'kumathandiza ntchito yooneka monga kuphunzitsa mamonita, m'malo moponya ndalama m'thumba la likulu lomwe sadzaliona. Adziwenso kuti lamulo la 2018 limafuna kuti chipani chiulule mphatso yochokera kwa munthu ikafika K1 miliyoni, choncho wopereka ali ndi chifukwa chabwino chofunsira lisiti.

Kuziika pa sikelo

Njirazi sizilemera mofanana, ndipo sindikufuna kunamizira kuti zonse n'zabwino malinga ndi munthu. Gulu lofalitsa nkhani limapereka msanga ndipo limalanda zambiri; n'loyenera amene akufuna ntchito ndipo wavomereza mumtima mwake kuti akufuna ntchito, koma amene akufuna kusintha momwe chipani chimaganizira asadzinamize kuti adzachita zimenezo akulemba zimene wauzidwa. Kupikisana msanga kumafuna ndalama zimene olemba ambiri alibe, kupatula pa ukhansala wa m'tauni. Kubwera ngati gulu kumapindula pokhapokha gululo litakhala ndi miyendo, ndipo ngakhale pamenepo phindu limakonda kugwera mtsogoleri yekha. Njira ya eriya ndi yokhayo imene imasandutsa dzina kukhala voti ya m'chipani, ndipo ili ndi ubwino wina wakuti sitseka makomo enawo: mlembi wa komiti ya dera akhoza kudzathandiza gulu lofalitsa nkhani ali ndi poimira, akhoza kudzapikisana akudziwa nthumwi ndi mayina awo, ndipo akaberedwa akhoza kuima payekha ali ndi anthu omuperekeza. Popeza chisankho chachikulu chotsatira chili mu 2030, amene angayambe tsopano ali ndi nthawi yokwanira kuti makomiti akamadzasankhidwanso asadzakhale mlendo.

Khomo lililonse limene mungalowere, pali chuma chimodzi chimene simuyenera kuchipereka, ndicho tsamba lanu. Zimachitika kuti munthu akangolandiridwa amapemphedwa kuti aike anyamata a kulikulu ngati oyendetsa nawo tsambalo, ati pofuna kuti uthenga uzituluka mogwirizana, ndipo ena amafika posintha dzina la tsamba kuti likhale la mtsogoleri. Yankho laulemu ndi lakuti mudzatsegula tsamba lina la ntchito ya chipani, limene iwo angaliyendetse momwe akufunira, pamene lanu likhala ndi dzina lanu, nambala yanu ya foni ndi mawu achinsinsi odziwa inu nokha. Pa tsamba lanulo nenani poyera tsiku limene mwalowa chipani, kuti owerenga asadzachite kumva kwa ena, ndipo muuzeni wapampando wanu pachiyambi pomwe kuti nkhani za mjigo wowonongeka ndi mlatho wokokoloka m'dera lanu mupitiriza kuzilemba, kaya phungu wa deralo ndi wa chipani chanu kapena ayi.